Musakonzere nyumba ya lendi ndalama ya katapila



Makolo ambiri amalipira fizi ndi ndalama ya lendi. Nyumba ikayamba kudontha alendi amathawa, ndiye timathamangira kukongola kuti tiikonze msanga. Ine ndikuti tiyambe tawerengera.

Nyumba yakale imabisa matenda. Mmisiri akachotsa malata, m'pomwe mumaona kuti chiswe chinatha matabwa. Zipangizo nazo sizikhala pamtengo umodzi: kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, simenti, malata ndi penti zinakwera.

Tiyerekeze mwalowetsa K6 miliyoni, lendi n'kukwera ndi K50,000 pamwezi. Ndalama yanu idzabwerera pakatha zaka 10. Wakatapila sadikira choncho. Chiwongoladzanja chimakula mwezi ndi mwezi ngakhale m'nyumbamo mulibe munthu, mapeto ake nyumbayo imalandidwa. Komanso Qur'an, mu Surat Al-Baqarah ndime 275, yaletsa riba poyera.

Njira za halali zilipo. Pa musharaka, m'bale amaikapo ndalama, lendi mumagawana monga mwagwirizana, ndipo zikavuta aliyense amaluza molingana ndi zomwe anaika. Pa murabaha, wina amagula malatawo n'kukugulitsani pangongole, pamtengo wodziwika womwe sukwera mukachedwa kulipira. Apo ayi, konzani pang'onopang'ono: denga mvula isanagwe, penti pambuyo.

Mgwirizano ulembedwe pamaso pa mboni, monga ndime 282 ikutiphunzitsira. Akomiti, tithandizeni pamenepa, chifukwa ngongole ya pakamwa yadanitsa abale ambiri.