Za Malonda: Mpunga Sudzigulitsa Wokha

Abale ndi alongo a ku Domasi, musanakolole mpunga pa sikimu, khalani pansi ndi banja lanu muyankhe mafunso atatu. Choyamba, adzagula ndani? Aphunzitsi a pa Domasi College of Education amafuna wopuntha kale wa m'timapaketi, pomwe mavenda a pa Songani amafuna wa m'matumba. Chachiwiri, mudzagulitsa liti? M'Meyi ndi m'Juni aliyense amakhala ndi mpunga ndipo mtengo umagwa. Sungani wina kufikira Disembala kapena nyengo ya Eid. Chachitatu, adzabweranso chifukwa chiyani? Musasakanize Faya ndi mtundu wina, ndipo muyezo ukhale wokwanira. Wonyengedwa kamodzi sabweranso, komanso amakauza anzake.