Dziwe lanu losambiramo tikulilipira tonse

Masiku ano munthu akapeza ndalama n'kugula puloti ku Area 43 kapena ku Namiwawa, amaona ngati nyumba siinathe pokhapokha kuseri kwake kutakumbidwa dziwe losambiramo. Womanga amamuwerengera mtengo wokumbira, wa simenti, wa zitsulo ndi wa matailosi, iye n'kumaganiza kuti akalipira zimenezi wathana nazo. Sanathane nazo ayi. Tsiku lomwe madzi adzaza m'dziwemo ndi lomwe ngongole yake imayamba, ndipo ndi ngongole yopanda tsiku lomaliza. Ine ndikuti maiwe akuluakulu a m'makomo ndi katundu yemwe mizinda yathu singathe kumusenza, ndipo amene akuwafuna azilipira okha mtengo wake wonse, asamagawireko anthu omwe sadzaviikamo ngakhale chala.

Tiyambe ndi madzi. Dziwe la mamita 10 m'litali, mamita 5 m'lifupi, lozama mita imodzi ndi theka, limalowa malita 75,000. Amenewa ndi madzi odzaza zigubu 3,750 za malita 20, zomwe zija amayi amasenza pochokera pa mpopi wogulitsa madzi. Mwini dziwe angayankhe kuti amadzaza kamodzi kokha. Koma dzuwa la mu Okutobala silimufunsa. Madzi akangotsika ndi theka la sentimita patsiku, zomwe sizachilendo m'chilimwe, ndiye kuti malita 250 apita m'mwamba popanda wina kusambiramo. Bungwe la United Nations limati munthu amafunika malita 50 mpaka 100 patsiku kuti amwe, aphike, asambe ndi kuchapa. Choncho madzi amene dzuwa limamwa padziwe limodzi akhoza kusunga banja la anthu asanu tsiku lonse. Tisaiwale kuti sefa ya mchenga ikadzaza zinyalala amaitsuka pobweza madzi chambuyo, ndipo malita mazanamazana amathera m'ngalande. Kukabwera kamng'alu pakhoma kapena paipi ikayamba kudontha pansi pa nthaka, mwini wake amadziwira pa bilu, patapita miyezi.

Madzi amenewa sagwa kumwamba. Ambiri mwa madzi omwe anthu amamwa mu Blantyre amachokera mu mtsinje wa Shire, pa Walker's Ferry, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, ndipo amachita kuwapopa kukwera chitunda cha mamita pafupifupi 800. Lita iliyonse yofika mumzindawo yadya magetsi ndi mankhwala. Ku Lilongwe mzinda wonse umayang'ana madamu awiri a Kamuzu pa mtsinje wa Lilongwe, pomwe anthu akuchulukirachulukira chaka ndi chaka. Paipi yopita ku nyumba ya dziwe ndi yopita ku Mtandire kapena ku Ndirande zimamwa pa gwero limodzi. Madzi akachepa, amene ali ndi thanki yaikulu pamwamba ndi pampu yake sadziwa n'komwe kuti kwagwanji. Amene amadziwa ndi mayi yemwe wadzuka tambala asanalire n'kukaika chigubu pamzere.

Kenako magetsi. Madzi a m'dziwe sayenera kuima. Pampu imafunika kuyenda maola asanu ndi atatu kapena kuposerapo tsiku lililonse m'nyengo yotentha, kuti madzi onse adutse mu sefa. Pampu ya kilowati imodzi ikayenda maola amenewa yadya mayunitsi 8, pamwezi 240. Mabanja ambiri a m'tauni omwe amayatsa mababu, wailesi yakanema ndi kafiriji safika pamenepo. Ndipo dziwe silidziwa kuti kunja kwazizira. Mu Juni ndi Julaye, chiperoni chikamawomba, palibe amene amayerekeza kulowa m'madzi, koma pampu imalirabe, ngakhale maola ake atachepako. Mumasambira miyezi ingapo, mumasamalira chaka chathunthu.

Nanga magetsi akathima? Tonse tikukumbukira zomwe zidachitika namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130. Pampu ikaima masiku angapo kukutentha, madzi amachita mbuu, kenako ndere zimagwira makoma, dziwe lonse n'kubiriwira. Pofuna kupewa zimenezi mwini wake amaliza jenereta, kuwotcha mafuta omwe dziko limagula ndi ndalama zakunja, mafuta omwewo amene anthu amagonera pamzere kuti galimoto ifike kuntchito.

Apa mpamene mtima wanga umawawa kwambiri, pa nkhani ya mankhwala. Dziwe limafuna klorini mosadukiza, chifukwa dzuwa limaitha msanga. Limafuna asidi wotsitsira mphamvu ya madzi kuti pH ikhale pakati pa 7.2 ndi 7.6, apo ayi klorini uja sagwira ntchito ndipo maso a osambira amafiira. Limafuna mankhwala ophera ndere, timabotolo toyezera madzi, mchenga watsopano wa mu sefa pakapita zaka zingapo. Pafupifupi zonsezi zimachokera kunja. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa chidebe chilichonse udakwera nawo. Koma taganizani: ufa woyera uja wa HTH, umene amathira m'dziwe ndi kapu madzulo aliwonse, ndi womwewo umene alangizi a zaumoyo amasungunula n'kumagawira anthu m'mabotolo kuti athire m'madzi akumwa. Mliri wa kolera womwe udayamba mu Malichi 2022 udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Sindikunena kuti mwini dziwe adapha munthu. Ndikunena kuti dziko lomwe ndalama zakunja ndi zochepa liyenera kudzifunsa kuti klorini wolowa m'dziko akupita kuti, ndipo wolowera kukasangalatsa anthu asanu kuseri kwa mpanda asamatengedwe mofanana ndi wopulumutsa mudzi.

Pali munthu wina yemwe satchulidwa anthu akamawerengera mtengo wa dziwe, ndiye wantchito wa panja. Adalembedwa kuti azisesa, kutchetcha kapinga ndi kuthirira maluwa, koma dziwe litabwera ntchito yake idawonjezeka malipiro osasuntha. Mumuone m'mawa atagwira ndodo yaitali ya ukonde, akuvuula masamba a mango ndi maluwa a jakaranda omwe agwera usiku, kenako atagwada pamphepete akukwecha mzere wakuda wa mafuta ndi fumbi pa matailosi. Akamaliza amatsegula chigubu cha asidi ndi manja osavala kanthu, nkhope ataipotolera kumbali chifukwa cha fungo lotsamwitsa. Ndi mabwana angati omwe adamuuza kuti asidi ndi klorini zikakumana zimatulutsa mpweya wakupha, ndipo siziyenera kusungidwa pamodzi m'kanyumba kotentha ka pampu? Ndi angati adamugulira magolovesi? Abale athu ambiri omwe adapita ku Joni akugwira ntchito yomweyi m'makomo a ku Johannesburg ndi Pretoria, ndipo amaidziwa bwino kuposa eni maiwewo. Kumeneko eni nyumba ambiri ali ndi kamakina koyenda kokha pansi pa madzi n'kumayeretsa dziwe, ka Kreepy Krauly, komwe kadapangidwa ku South Africa komweko. Kuno makinawo ndi msana wa munthu, ndipo dziwe limaoneka lotsika mtengo chifukwa choti munthuyo salipidwa zoyenera.

Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Yendani m'madera a nyumba zakale zikuluzikulu, zija zidali za makampani ndi mabungwe, muone maiwe omwe eni ake adatopa nawo. Pampu idapsa, yatsopano ndi yodula, ndiye adangolisiya. Pansi patsala madzi a mvula obiriwira ofika m'mawondo, muli achule, mbululu ndi mphutsi za udzudzu. Udzudzuwo sulemekeza mpanda wa njerwa, umakaluma mwana wa mlonda ndi wa nyumba yoyandikana nayo. Kulitsanula kotheratu nako n'koopsa, chifukwa dziwe lopanda madzi limang'aluka, ndipo nthawi ya dzinja madzi a pansi pa nthaka amatha kulikankha. Kulikwirira kumafunanso ndalama. Pamwamba pa zonsezi pali ngozi ija yomwe sitikonda kuitchula: mwana wongoyamba kuyenda amamira mwakachetechete, m'kamphindi kochepa, anthu akuluakulu ali pakhonde pomwepo. Maiwe ambiri a m'makomo mwathu alibe kampanda kotchinga ana, ndipo ana omwe amasewera pafupi nawo tsiku lonse nthawi zambiri ndi a antchito, omwe sadaphunzitsidwe kusambira.

Ndikudziwa yankho la mwini dziwe: ndalama ndi zanga, ndidazivutikira, bilu ndimalipira. N'zoona, ndipo sindikuchitira nsanje thukuta la munthu. Koma ndalama zimagula madzi pokhapokha madziwo alipo. Anthu a ku Cape Town adaphunzira zimenezi chilala chitawapana zaka zitatu zotsatizana, damu lalikulu la Theewaterskloof litatsala pang'ono kuphwa. Kuyambira pa 1 Febuluwale 2018 munthu aliyense ankaloledwa malita 50 okha patsiku, ndipo kuthira madzi a mumpopi m'dziwe losambiramo kudali koletsedwa, kaya uli ndi ndalama zochuluka bwanji. Mzinda wolemera chotero udafika poona kuti madzi si katundu wa amene ali ndi thumba lalikulu. Ife tikudikira chiyani, kuti mipopi iume kaye?

Ena amati ali ndi chitsime chawochawo chokumba ndi makina, choncho sakhudza madzi a wina aliyense. Madzi a pansi pa nthaka alibe malire a puloti. Pampu yamphamvu ikamakoka usana ndi usiku, chitsime chosaya cha munthu wa kutsidya kwa msewu ndi chomwe chimayamba kuphwa.

Kusambira si kulakwa. Ndi luso lopulumutsa moyo, makamaka m'dziko la nyanja ndi mitsinje yosefukira ngati lathu. N'chifukwa chake ndimaona kuti dziwe la pa sukulu, pa hotela kapena pa bwalo la masewera lili ndi chifukwa chomveka, poti malita omwewo 75,000 amatumikira anthu mazanamazana. Chomwe ndikukana ndi dziwe lalikulu la banja limodzi, lolowedwa Loweruka lokha, pomwe mwana wa ku Chinsapo alibe malo abwino ophunzirira kusambira kupatula m'madzi akuda a m'maenje okumbamo dothi la njerwa.

Makhonsolo a mizinda, omwe amavomereza mapulani a nyumba, asamadinde pulani ya dziwe popanda kampanda kotchinga ana ndi chovundikira, poti chovundikira chimachepetsa kwambiri madzi ouluka ndi dzuwa komanso klorini wotha. Mabungwe ogawa madzi azidziwa nyumba zomwe zili ndi maiwe, madzi odzazira dziwe akhale ndi mtengo wakewake wokwera, ndipo chilimwe chikavuta kudzaza kuziletsedwa poyera. Ndalama yotuluka pamenepo ikakonzere mipopi ya m'madera momwe anthu amagula madzi pa chigubu.

Inu amene pulani ili kale m'manja, musanaitane okumba, khalani pansi muwerengere madzi, magetsi, mankhwala, pampu yatsopano ndi malipiro oyenera a wantchito kwa zaka khumi. Mukaona kuti simungakwanitse zonsezo popanda kufinya wantchito kapena kulisiya dziwelo libiriwire, musakumbe.