Lawi lopanda utsi nalonso limapha

Abale, ine ndikukana kuti mawu oti "emissions" tiziwamasulira kuti utsi. M'makina a gasi opangira magetsi, gasi amasakanizidwa ndi mpweya asanayatsidwe. Lawi lake limawinduka koma utsi suoneka. Akatswiri amaliyerekezera pa kompyuta, ena ndi GRI-Mech 3.0, yomwe imawerengera masinthidwe 325 a zinthu 53, kuti adziwe poizoni wotulukamo. Likatentha kupitirira madigiri pafupifupi 1,500, nitrogen oxide amachuluka, monga adafotokozera Zeldovich mu 1946. Likazizira kwambiri, carbon monoxide ndiye amakwera. Zonsezi maso saziona. Tikamati utsi, mayi wophikira pa gasi, poona lawi labuluu loyera bwino, adzatseka mawindo mtima uli m'malo. Bwanji tiziti mpweya wapoizoni?