Mapapo akadzala madzi, Mzuzu amatalika

Munthu wa ku Lufita m'boma la Chitipa akabanika mwadzidzidzi, thandizo loyamba lili pafupi, pachipatala cha boma. Koma matenda akakula mpaka kufunika makina omupumira, ulendo wake ndi wa ku Mzuzu Central Hospital, mtunda wa makilomita oposa 300 kudzera ku Karonga ndi m'mapiri a Chiweta. Kwa wodwala amene mapapo ake akulephera, ulendo wotere ndi wautali kuposa mpweya umene watsala nawo.

Apa ndi pamene pagona nkhani ya matenda omwe madokotala amawatchula mwachidule kuti ARDS, kutanthauza kulephera kwa mapapo kobwera mwadzidzidzi. Amalawi ambiri adaona ukali wake mu Januwale 2021, pamene Covid-19 idapha nduna ziwiri tsiku limodzi, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, ndipo zipatala zidasowa mpweya wa okosijeni. Mliri uja udazilala, koma ARDS sidapite nawo, pakuti idalipo kale. Madokotala a ku Denver m'dziko la America adaifotokoza koyamba mu 1967.

M'mapapo muli timatumba ting'onoting'ono tambirimbiri momwe mpweya umadutsira polowa m'magazi. Thupi likamalimbana ndi matenda aakulu, timitsempha tozungulira timatumbati timayamba kuchucha, ndipo madzi amadzaza malo a mpweya. Mapapo amalemera n'kuuma gwa. Munthu amapuma mwamphamvu koma magazi salandira kanthu, ngati womira m'madzi chonsecho ali gone pamphasa.

ARDS siyamba yokha. Imatsatira vuto lina, kawirikawiri pasanathe sabata imodzi: chibayo, tizilombo tikalowa m'magazi, malungo aakulu, kuvulala kwambiri pangozi, kupuma utsi wa moto, kapena masanzi akalowa m'mapapo monga zimachitikira munthu woledzera kwambiri. Zonsezi si zachilendo ku Chitipa, komwe mphepo ya Juni ndi Julayi imabwera ndi chifuwa, ndipo mabanja amawotha moto m'nyumba zotseka.

Kuopsa kwake n'kodziwika. Kafukufuku wa m'maiko 50 amene adatuluka mu 2016 adapeza kuti wodwala mmodzi mwa khumi aliwonse ogonekedwa m'zipinda za odwala mwakayakaya amakhala ndi ARDS, ndipo pa 100 aliwonse, pakati pa 35 ndi 46 amamwalira malinga ndi kukula kwa matendawo. M'Malawi muno zipinda zoterezi zimapezeka makamaka m'zipatala zikuluzikulu za Queen Elizabeth, Kamuzu, Zomba ndi Mzuzu.

Kwa zaka zambiri, ndondomeko yozindikirira ARDS idafuna zipangizo zomwe zipatala za m'maboma sizikhala nazo, choncho odwala ambiri a mu Africa amafa osadziwika chawapha. Madokotala a ku Kigali m'dziko la Rwanda adasintha zimenezi mu 2016. Iwo adaonetsa kuti kachipangizo kopanira pachala koyeza mpweya m'magazi, pamodzi ndi kuunika chifuwa, n'kokwanira kuzindikira matendawa. Phunziro lake kwa Chitipa n'lakuti kuzindikira msanga sikudikira Mzuzu. Kachipangizo kaja kakaonetsa nambala yochepera 90, wodwala akufunika okosijeni nthawi yomweyo.

Palibe jekeseni kapena mbulu wa mankhwala wochiza ARDS. Achipatala amachiza chomwe chayambitsa, n'kuthandiza mapapo kufikira atadzikonza okha. Amapereka okosijeni, amasamala kuchuluka kwa madzi olowa m'thupi, ndipo nthawi zina amamugoneka wodwala chafufumimba kuti mbali ya kumsana ya mapapo itseguke. Achibale asadabwe akapeza m'bale wawo atagonekedwa motero. Njirayi yapulumutsa anthu ambiri.

Ndiye banja la ku Lufita lichite chiyani? Liyang'anitsitse wodwala chibayo kapena malungo amene wayamba kupuma mofulumira, akulephera kumaliza mawu osapumira, milomo kapena lilime zasintha mtundu, kapena wayamba kubwebweta ndi kusokonezeka. Kwa mwana, nthiti zikamalowa m'kati popuma, nthawi yatha kale yodikira. Imeneyi si mphindi yogula mapanado pagolosale, yofukiza kapena yodikira kuti kuche. Akuluakulu adati mbewa ya manyazi idafera kuuna: wodwala asaope kuvutitsa anzake pakati pa usiku kuti amupezere njinga yamoto kapena galimoto.

Kupewa nako kuli m'manja mwa mabanja. Katemera woteteza ana ku chibayo adayamba kuperekedwa m'dziko muno mu 2011 ndipo ndi waulere. Kugona m'masikito, kumaliza mankhwala monga mwauzidwira, kusiya fodya ndi kuphikira pamalo podutsa mphepo kumachepetsa matenda omwe amatsegulira ARDS khomo. Amene ali pa ma ARV asadumphitse, chifukwa chitetezo chikatsika chibayo chimabwera mwaukali.

Ochira nawo afunika kuwamvetsa. Ambiri amatuluka m'chipatala ali ofooka, oiwalaiwala ndiponso amantha kwa miyezi ingapo. Bambo amene adali wakhasu akamatopa pongofika pachitsime, si ulesi ayi. Thupi likumanganso mphamvu, ndipo afunika chakudya chabwino, kuyenda pang'onopang'ono ndi kubwerera kuchipatala pa tsiku lomwe adamuuza.

Udindo waukulu watsalira Unduna wa Zaumoyo ndi khonsolo ya Chitipa. Kumanga chipinda cha odwala mwakayakaya m'boma lililonse kungatenge zaka, koma okosijeni wosadukiza, magetsi odalirika, tizipangizo ta pachala m'zipatala zing'onozing'ono ndi ambulansi yokhala ndi mafuta ndi zinthu zotheka lero. Kwa munthu wa ku Lufita amene akubanika, maola oyambawo ndiwo amagamula ngati adzafike n'komwe ku Mzuzu, kapenanso ngati ulendowo udzafunike.