Cikalata ca khonsolo ku Tokyo

Hiace yamene mwakwerayi inacokera ku Japan, ndiye lero tiyeni ticeze za komweko, pa nkhani imene ambiri mu basi sakonda kuikamba mokweza: mwamuna wokhala pabanja ndi mwamuna mnzake, kapena mkazi ndi mkazi mnzake.

Lamulo la Japan sililola ukwati wotere. Koma mu November 2015, makhonsolo awiri a mu Tokyo, Shibuya ndi Setagaya, anayamba kupereka zikalata zotsimikiza kuti awiriwa amakhala pamodzi ngati banja. Mzinda wa Sapporo unatsatira mu 2017, cigawo ca Ibaraki mu 2019, ndipo Tokyo yonse mu November 2022. Manje makhonsolo ocita izi ndi oposa 400.

Mwina muzati, kapepala ka khonsolo kangathandize ciani? Ganizirani munthu amene mwakhala naye zaka 20 ali gone m'cipatala, sakamba. Mwafika pa wodi, anesi ati, “Ndinu ndani? Pano timalola abululu cabe.” Kapena mwapeza nyumba ya lendi, alandilodi akana cifukwa siinu banja. Ife amene tinavutikapo kusakira nyumba tikudziwa mmene mau a alandilodi amawawira. Mavuto ngati awa ni amene makhonsolo anayang'ana, cifukwa odandaula amabwera pa ofesi yao, maso ndi maso. Aphungu amakhala kutali.

Kuno kwathu nkhani iyi ni mlandu, ndipo ndidziwa kuti ena mwakwinya kale nkhope. Ine maganizo anga ni akuti makhonsolo aja anacita bwino. Wodwala sayenera kufa yekha pamene womusamalira waima panja pa citseko.

Koma tisanamizane, cikalataco cilibe mano. Sicikakamiza cipatala kapena mwininyumba, cingopempha. Za msonkho, colowa ndi ana, khonsolo ilibe mphamvu, zimenezo ni za nyumba ya malamulo. Mu March 2021 khoti ya ku Sapporo inagamula kuti kukaniza ukwatiwu kusemphana ndi malamulo oyendetsera dziko, ndipo mu 2024 makhoti aakulu a Sapporo ndi Tokyo ananenanso cimodzimodzi. Aphungu mu June 2023 anangopanga lamulo lolimbikitsa “kumvetsetsana”, lopanda cilango kwa wosankha anzake.

Ndiye mmodzi akamwalira osasiya wilu, katundu apita kwa abululu. Wotsalayo, ngakhale cikalata ca Shibuya cili m'manja, lamulo silimuwerengera ngati wolowa.