Mwana wosiya bere musamutumize kwa agogo tsiku lomwelo

Amayi anzanga a ku Ntaja, Nsanama, Ulongwe ndi Phalula, tikambepo za chizolowezi chomwe ine sindigwirizana nacho. Mayi akazindikira kuti ali ndi pakati pena, amapaka tsabola kubere, kenako kumpereka mwana kwa agogo kumudzi wina kuti akaiwale kuyamwa. Pakapita sabata ziwiri mwana uja sakudya phala, akungolira, akuonda. Ndiye akuti ndi wamakani, ena akuti ndi tsempho.

Katswiri wina wa maganizo a anthu, Kurt Lewin, analemba mu 1936 kuti khalidwe la munthu limachokera ku zinthu ziwiri pamodzi: munthuyo ndi zonse zomuzungulira pa nthawi imeneyo. Kwa mwana wa chaka ndi theka, zomuzungulirazo ndi msana wanu, fungo lanu, mawu anu, mphasa imene amagonapo. Mukamulanda bere, amayi ake ndi nyumba yake tsiku limodzi, mwamuchotsera zonse zomwe amatsamirapo. Makaniwo si ake ayi.

Mu 1954 ndi 1955 Mary Ainsworth ankayendera mabanja m'midzi ya pafupi ndi Kampala ku Uganda. Anaona kuti mwana amakwawa kupita kukasewera, nkumacheuka kuti aone ngati amayi ake alipobe. Akawaona, amapitiriza. Akawasowa, masewero amathera pomwepo. Chilakolako cha chakudya nachonso chimatha kuthawa m'njira yomweyo.

Agogo sindikuwada. Kwathu kuno kwa chikamwini, komwe agogo akuchikazi amakhala bwalo limodzi ndi mdzukulu, iwo ndi thandizo lalikulu, makamaka bambo akakhala ali ku Joni. Vuto ndi agogo amene mwana sawadziwa bwino, kumalo achilendo, mwadzidzidzi.

Komanso mkaka wa mayi woyembekezera suwola ndipo sudwalitsa mwana. Amayi ambiri angathe kupitiriza kuyamwitsa. Funsani anamwino ku sikelo ya amayi oyembekezera za inuyo.

Ngati mwaganiza zomusiyitsa, chepetsani pang'onopang'ono, kuyamba ndi masana. Phala la nsinjiro mudyetseni nokha, mugone nayebe. Mukamachoka mutsanzikeni ngakhale alire, osazemba ali mtulo. Ndipo mukaona mapazi akutupa, tsitsi likufiira kapena akukana chakudya, musadikire tsiku la sikelo. Pitani naye kwa alangizi a zaumoyo kapena kuchipatala akamuyeze mkono lero lomwe.