Shuga wa pa selo tamunyalanyaza mokwanira

Mukamva mawu oti shuga m'kalasi ya Biology, ambiri mumangoti ndi chakudya chopatsa mphamvu, basi. Yankho limeneli ndi loperewera, ndipo ine ndimaona kuti mabuku athu akutimana nkhani yokoma.

Mapuloteni ambiri okhala kunja kwa selo amavekedwa timaunyolo ta shuga, ntchito imene asayansi amaitcha glycosylation. Si zokongoletsa ayi. Magazi anu kukhala a gulu A, B, AB kapena O, nkhani yake ndi shuga amene ali pa maselo ofiira. Kachilombo ka HIV nako n'kochenjera: pafupifupi theka la kulemera kwa puloteni yake ya kunja, gp120, ndi shuga, ndipo kamabisala m'menemo kuti asilikali a m'thupi asakazindikire.

Nanga bwanji DNA ndi mapuloteni ndiwo amatchuka? Chifukwa shuga ndi wovuta kumuona. Puloteni ili ndi jini yake yoti mungaiwerenge, pomwe unyolo wa shuga ulibe jini yolemba ndondomeko yake mwachindunji.

Carolyn Bertozzi wa ku America ndiye anathyola loko. Anatenga shuga n'kumumangirira kambedza kotchedwa azide, komwe ndi maatomu atatu a nayitrojeni. Selo likadya shugayu silizindikira kuti pali chachilendo, limangomuika pa mapuloteni ake. Kenako mumabweretsa utoto wowala wokhala ndi mbali yokola kambedzako. Ziwirizi zimalumana ngati lamba wa m'galimoto, osakhudza china chilichonse m'selomo, ndipo shuga uja amayamba kuwala pa maikulosikopu. Njira yolumikizira imene Morten Meldal ndi Barry Sharpless anapeza imafuna mkuwa, koma mkuwa umapha maselo. Mu 2004 gulu la Bertozzi linapeza njira yosafuna mkuwa: linagwiritsa ntchito molekyulu ya maatomu 8 a kaboni opindidwa mokakamiza ngati mphete, yomwe imalumpha yokha kukagwira azide. Mu 2008 anaonetsa shuga akuwala m'tiana ta nsomba ya zebrafish tikukula. Atatuwa analandira mphoto ya Nobel ya Chemistry mu 2022.

Wina ati, "Zimenezo sizibwera pa MSCE." Zoona. Koma taonani, zonsezi zaima pa phunziro la mabondi ndi magulu a maatomu lomwe mumaloweza mukuyasamula lija. Mphete ija imagwira chifukwa kaboni wa bondi ya patatu amafuna kukhala moongoka, ndiye wapindidwa.

Ndipo si nkhani ya ku America kokha. Mu 2018 gulu lomweli linamangirira utoto pa shuga wotchedwa trehalose, amene tizilombo ta TB timamangira khoma lathu... ayi, lawo lomwe timadzitchinga nalo. Kachilombo kamoyo kamamutenga n'kuwala, kakufa sikawala, pomwe utoto wakale woyezera makhololo susiyanitsa ziwirizi. Anayesa njirayi pa makhololo a odwala a ku South Africa.